Kupereka Makiyi

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikuwerenga nsapato za anthu ena.
Jombo saizi seveni, eyiti, naini,
mabulangete, mabatani, sopo wamtanda,
matumba a nyemba zochokera ku Vubwi.
Mfuti sindinaombepo chichokereni kumaphunziro.
Nkhondo yanga inali ya anankafumbwe ndi makoswe,
zida zanga chidindo
ndi kaboni wothimbirira pakati pa mapepala atatu.

Kale zinkayenda motere:
bwana wanena, iwe saina.
Wogulitsa anali mlamu wa uje,
mtengo tinkaumvera pakhonde la bala ku Kapata,
ndipo Disembala akafika
mbuzi inkapezeka pamtengo wa mango kwathu,
chingwe chatsopano, mwini wake wosadziwika.
Ana anga anakula ndi msuzi wake.
Sindinafunse. Wofunsa ankatumizidwa kutali,
kumene kalata imafika itachita nkhungu.

Koma Kopolo Zindikirani Ngoma sachoka m'maso mwanga.
Anabwera kuchokera kumalire a ku Chama, dzinja lili pakati,
jombo itayasama ngati mlamba,
zala zitatuwa, zitatupa ndi matope.
Anaiika pakauntala osanena kanthu.
M'kaundula ndinali nditalemba ndekha:
zachikopa, zolimba, zalandiridwa.

Chaka chatha kunabwera Lefutenanti Tisaine Shawa,
msinkhu wa mwana wanga wachitatu,
digiri ya zogulagula, kompyuta m'khwapa.
Mitengo itatu, Sajeni, ya anthu atatu osadziwana.
Wolandira katundu asakhale yemwe anaitanitsa.
Tinaseka kumesi. Tinati moto wamapesi uwu,
usiyeni, uzima wokha.
A Mshanga anapempha penshoni nthawi isanakwane.
A Chulu anasamukira kugalaja.
Ine ndinatsala, chala chimodzi chikujompha mabatani
ngati nkhuku yachilendo.

Disembala mbuzi inabwera ndithu,
ulendo uno pageti la Lefutenanti.
Anaikweza panjinga yahayala,
nalemba kakalata: mbuzi imodzi, yamawanga, yabwezedwa.
Anati ndisaine ngati mboni.
Dzanja langa, losaina chilichonse chiyambire,
tsiku limenelo linanjenjemera.

Mu Febuluwale ndi iye amene anagogoda.
Makina asankha nyemba zotchipa, mapepala onse ali bwino,
koma mtima ukukana.
Ndinapisa mkono m'thumba mpaka m'chigongono,
ndinatapa zapansi, ndinaluma imodzi.
Fumbi lokhalokha. Zadzana,
zapamwamba zokha zopakidwa mafuta kuti ziwale.
Mwadziwa bwanji, Sajeni?
Ndinafuna kunena kuti ndi luso.
Ndinati: ndinazilandirapo, Madamu. Kangapo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anakoka mpando, natsegula kope.
Yambirani pachiyambi.

Lero ndikupereka makiyi.
Mphepo ya Julaye ikutsika m'phiri la Kanjala,
ikuwomba zitseko za sitolo.
Makaundula akale amangidwa m'mitolo, akupita kulikulu.
Dzina langa lili patsamba lililonse
ndipo wodzawerenga sindikumudziwa.

Mnyamata wolowa m'malo mwanga, Chikonjiwe Daka,
amalemba ndi zala khumi osayang'ana.
Amafunsa bwana kuti chifukwa chiyani,
ndipo denga siligwa.
Ndamuonetsa pamene malata amadontha,
shelefu imene chiswe chimaikonda,
ndi kayesedwe ka jombo:
pinda chakumphuno, tchera khutu,
ulusi wabodza umalira.

Ngoma anapuma kalekale,
akuti amamata matayala pamsewu ku Katete,
amayenda motsimphina kukazizira.
Dzulo ndinatsikira kumashopu,
ndinagula jombo saizi naini ndi ndalama yanga.
Ndinaipinda pamaso pa mwini sitolo. Sinalire.
Risiti ili m'thumba la malaya,
ngakhale palibe adzaifunse.

Basi inyamuka folo koloko.
Mawu oyambira sindinawapeze.